Kudya za m'misewu ya Hanoi: mmene mungayendere ndi wotsogolera osadwala m'mimba, osaberedwa chenji

Ophika ambiri a m'misewu ya Hanoi, likulu la Vietnam, amagulitsa chakudya cha mtundu umodzi basi, ndipo aliyense ali ndi nthawi yake. Wa mpunga womata amafika kusanache, pofika 9 koloko wanyamula kale dengu lake. Wowotcha nkhumba amakoleza makala cha m'ma 10, ikamakwana 2 koloko nyama yatha. Wa nkhono ndi wa mowa amayala timipando dzuwa likapendeka. Khonde limodzi limatha kusinthana eni ake katatu pa tsiku. Mlendo wongofika amadutsa pakhomo pa chakudya chabwino kangapo osachizindikira, n'kukathera m'lesitilanti ya alendo momwe zokometsera anachepetsa koma mtengo anakweza. Choncho ulendo wapansi wokhala ndi wotsogolera muuyende tsiku loyamba kapena lachiwiri. Zimene muphunzire tsiku limenelo ndi zimene zikudyetseni masiku otsalawo mukamayenda nokha.

Kusankha ulendo ndi nthawi yake

Maulendo ambiri amazungulira dera lakale la mzindawu, Phố Cổ, kumpoto kwa nyanja ya Hoàn Kiếm. Misewu yake ndi yopanikizana, ndipo mayina ambiri amayamba ndi Hàng, kutanthauza malonda, potsatira zimene ankagulitsamo kale: Hàng Bạc wa siliva, Hàng Đường wa shuga, Hàng Muối wa mchere. Ulendo umatenga maola atatu kapena anayi, mumaima malo 6 mpaka 8, ndipo wa gulu nthawi zambiri umakhala pakati pa madola 25 ndi 40 munthu mmodzi.

Musanalipire funsani kuti gululo likhala la anthu angati. Akapitirira 8, kanani. Mayi wophika pakhonde ali ndi timipando towerengeka, ndipo gulu la anthu 15 silingakwane; wotsogolera amakakamizika kukulowetsani m'malo akuluakulu omwe mukanawapeza nokha. Funsaninso ngati chakudya ndi zakumwa zonse zili mumtengomo, komanso ngati ndi wapansidi, chifukwa ena amalengeza chimodzimodzi koma ndi wokwezana pa njinga zamoto.

Wa masana, woyamba cha m'ma 11, ndiye wabwino kwa wofuna bún chả, nkhumba yowotcha pamakala, yochokera pamoto, chifukwa anthu a ku Hanoi amaidya masana. Wa madzulo, woyamba 5 kapena 6 koloko, uli ndi chisangalalo chambiri, makamaka Lachisanu mpaka Lamlungu pamene misewu yozungulira nyanja amaitseka kwa magalimoto ndipo msika wausiku umayalidwa kuchokera ku Hàng Đào mpaka ku msika wa Đồng Xuân. Koma masiku amenewo anthu amachita kupondana.

Miyezi ya October ndi November ndiyo yoyenda bwino. Kuyambira May mpaka September kumatentha kupitirira madigiri 35 masiku ena, ndipo mvula yamphamvu imagwa kwambiri mu July ndi August. December mpaka February kumazizira ndi kamvula kowaza. Pewani masiku a Tết, chaka chatsopano chawo chomwe chimagwa kumapeto kwa January kapena mu February: ophika ambiri amatseka n'kupita kumudzi. Za viza n'zosavuta, popeza kuyambira pa 15 August 2023 nzika za dziko lililonse zimatha kufunsira pa intaneti viza ya masiku osapitirira 90, pa madola 25 yolowera kamodzi.

Nenani zimene simudya tsiku lisanafike

Nkhumba ili paliponse m'zakudya za kumpoto kwa Vietnam, ngakhale pomwe simukuiona: mumsuzi, m'mafuta okazingira, m'chiwindi chopera chimene amapaka mu buledi. Msilamu kapena wa Seventh-day Adventist auze wotsogolera polembetsa, osati atakhala kale pampando, kuti asinthe malo oima. Mzikiti wa Al-Noor uli pa 12 Hàng Lược, m'dera lomweli, ndipo kumeneko angakulozereni kogulitsa nyama ya halaal.

Mupempheni wotsogolera akulembereni mawu awa pafoni kuti muzingoonetsa, chifukwa Chivietinamu chimadalira kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo mukalakwitsa pang'ono sakumvani. "Tôi không ăn thịt lợn" ndiye kuti sindidya nkhumba. "Tôi bị dị ứng lạc" ndiye kuti thupi langa limadana ndi mtedza. Mtedza wosinja amauwaza pa masaladi ndi pansomba osakufunsani. "Không cay" ndi kukana tsabola. Wosadya nyama ayang'ane mawu akuti chay pazikwangwani. Kungonena kuti musaikemo nyama sikuthandiza, chifukwa amangochotsa nthuli, msuzi wa mafupa n'kutsala.

Ndalama ndi zonyamula

Kwacha kulibe woisintha kumeneko. Tengani madola osang'ambika kapena khadi la kubanki. Ndalama ya kumeneko ndi dong, ndipo dola imodzi imasintha pa 25,000 dong ndi kuposerapo pang'ono, ndiye maziro asakuopseni. Pamndandanda wa zakudya akalemba 50k, ndi 50,000 dong, pafupifupi madola awiri, womwe ndi mtengo wamba wa mbale ya phở (timizere ta ufa wa mpunga mumsuzi wa nyama) kapena bún chả. Buledi wa bánh mì amakhala 20,000 mpaka 40,000.

Vuto lenileni lili pa mitundu ya ndalama zapepala. Ya 20,000 ndi ya 500,000 zonse ndi zabuluu, ndipo pakhonde pamdima zimafanana. Ya 10,000 ndi ya 200,000 nazonso zimasokoneza. Ikani zikuluzikulu m'thumba lina, ndipo m'manja mukhale ndi za 10,000, 20,000 ndi 50,000 zokwana ngati 300,000 za zinthu zowonjezera. Ya 500,000 kaisinthireni m'sitolo yaikulu pogula madzi.

Valani nsapato zotseka, chifukwa pansi pamakhala madzi otsukira mbale ndi mafuta. Siketi yaifupi kapena buluku lothina zivuta, popeza kampando kake kamangofika m'katumba, ndipo mumakhala maondo ali m'mwamba ngati muli pachigoba. Chikwama chikhale kutsogolo, ndipo musagwire foni mbali ya kumsewu. Tengani botolo la madzi, mankhwala osambira m'manja ndi mapepala opukutira. Tizopukutira tonyowa ta m'mapaketi timene mumapeza patebulo nthawi zina amatiwerengera pa bilu.

M'mawa idyani pang'ono, masana ngati ulendo ndi wa madzulo ingolawani chipatso. Musapite ndi njala ya tsiku lonse: mumakhuta pamalo oyamba awiri n'kumangoyang'ana zina zonsezo.

Kuwoloka msewu

Izi ziphunzireni pa mphambano yoyamba. Ku Vietnam magalimoto amayenda kumanja, ndiye wozolowera misewu ya ku Malawi, Zambia kapena South Africa amayang'ana kolakwika. Yambani kuyang'ana kumanzere, kenako mbali zonse, chifukwa njinga zina zimabwera mosemphana ndi anzawo. Njinga zamoto siziima, zimakulambalalani. Tsikani mumsewu, yendani pang'onopang'ono ndi liwiro losasintha, woyendetsa aone komwe mukhale pakapita kamphindi. Ngozi zimachitika munthu akaima mwadzidzidzi, akathamanga, kapena akabwerera m'mbuyo. Basi ndi galimoto zipatseni njira. Khalani kumbali kwa wotsogolera, iye akhale mbali yomwe kukuchokera njinga. M'mbali mwa msewu muli modzaza ndi njinga zoimika ndi anthu akudya, choncho nthawi yambiri muziyenda mumsewu momwemo, mmodzi kutsogolo wina pambuyo.

Mukafika pamalo, yang'anani musanakhale

Wotsogolera wasankha kale, koma onani zimene waona kuti mawa mudzasankhe nokha. Kodi akudya pamenepo ndi eni mzinda? Kodi mphika ukubwata, kapena wangofunda? Kodi nyama ikuchoka pamoto kupita m'mbale, kapena yaunjikidwa kudikira? Mapepala ndi makoko a mandimu ali mbwee pansi pa tebulo asakunyanseni. Kumeneko amataya pansi n'kumasesa nthawi ndi nthawi, ndipo zinyalala zatsopano zimasonyeza kuti anthu akhala akudya. Choopsa ndi malo a zii okhala ndi mndandanda wa zakudya 40, chifukwa zina mwa izo zagona.

Poitana, amatchulana monga mwa msinkhu, ngati mmene timasiyanitsira achemwali ndi amayi. Wamng'ono kwa inu ndi "Em ơi", mkazi wokulirapo pang'ono "Chị ơi", mwamuna "Anh ơi", wa msinkhu wa azakhali "Cô ơi". Timitengo todyera ndi supuni zili m'chitini patebulo: pukutani ndi pepala, ena amapakako kaye ndimu. Musazike timitengoto chilili m'mbale ya mpunga, zimafanana ndi zofukiza za pamaliro.

Lamulo la mimba ndi ili: mbale imodzi anthu awiri, kupatula chakudya chimodzi chomwe mwachikondetsetsa. Uzani wotsogolera poyambirira. Ophika saipidwa nazo.

Bánh cuốn, koyambira kwabwino

Khalani pomwe mungaone manja a wophika. Pamphika wa madzi owira amakunga nsalu ngati ng'oma. Amatunga chipande chimodzi cha ufa wa mpunga wosungunula, n'kuupaka mozungulira pansalupo, n'kuvundikira. Mphindi isanathe amavundukula, amalowetsa kamtengo kansungwi pansi pake n'kunyamula chinthu chopyapyala choonekera kuseri. Amaikamo nkhumba yogaya ndi bowa wakuda, kukulunga, kudula ndi sizasi, kuwaza anyezi wokazinga. Mumaviika mu nước chấm, womwe ndi msuzi wa nsomba wosungunula ndi madzi, shuga ndi ndimu kapena viniga. Idyani pomwepo, ikazizira imamatana. Ngati mwapeza zokulungakulunga zitaunjikidwa kale m'mbale, pemphani yatsopano.

Msuzi wa nsombawo, nước mắm, amaupanga ndi tinsomba ta m'nyanja yamchere tonga usipa, tosanjikiza ndi mchere m'migolo kwa miyezi yambiri. Paokha umanunkha kwambiri, koma ukasungunulidwa fungo limachepa n'kutsala kukoma.

Bún chả

Mudzaimva ndi mphuno musanaione: utsi wa mafuta a nkhumba akudonthera pamakala, wina atakhala chonjuta akukupiza. Wozolowera kanyenya sadzaona chachilendo pamotopo, chachilendo ndi kadyedwe. Akubweretserani zinthu zitatu. M'mbale yakuya muli msuzi wofunda wotsekemera pang'ono, momwe mukuyandama nyama ya mitundu iwiri, yogaya youmba ndi yodula mopyapyala ya pamimba, pamodzi ndi tizidutswa ta papaya wosapsa ndi kaloti. Pambale ina pali bún, timizere toyera ta ufa wa mpunga tonga supageti wopyapyala, tozizira. Padengu pali letesi ndi masamba onunkhira.

Ikani kaye adyo wodula ndi tsabola pang'ono mumsuzi. Tsabola wake ndi wa mtundu wa kambuzi pa ukali, yambani ndi tizidutswa tiwiri. Tapani bún wokwana kamwa limodzi, viikani, nyamulani pamodzi ndi nyama ndi tsamba, idyani. Alendo ambiri amakhuthulira bún yense mumsuzi nthawi imodzi. Akatero msuzi umazizira, bún amamwa madzi n'kufufuma, ndipo theka lomaliza limakhala phala. Itanitsaninso nem mmodzi, wokulunga ndi chipepala cha mpunga n'kukazinga, ndipo mumuviike mumsuzi womwewo.

Wotsogolera aliyense adzatchula Bún chả Hương Liên, pa msewu wa Lê Văn Hưu, komwe Barack Obama anadya ndi Anthony Bourdain, wophika wotchuka wa pa TV ku America, mu May 2016. Malowa ali kunja kwa Phố Cổ, ndipo si ofunika kuwonongera ola la ulendo wapansi. Mukawafuna pitani nokha tsiku lina pa Grab, takisi yoitanitsa pafoni.

Masamba aawisiwo ndi amene amatsegula m'mimba anthu ambiri, chifukwa amatsukidwa ndi madzi a pampopi. Tsiku loyamba tengani ochepa, kapena asiyeni mpaka mufike pa chakudya cha msuzi wowira momwe mungawamize kaye.

Phở

Amatchula ngati "fa" wokoka, osati "fo". Msuzi wake ndi wa mafupa a ng'ombe owiritsa maola ambiri ndi anyezi ndi jinja zowotcha, sinamoni ndi zonunkhiritsa zina. Wa ku Hanoi ndi woyera, wopanda zambiri. Lawani supuni ziwiri musanathiremo kanthu. Kenako ndimu, tsabola, kapena viniga wa adyo yemwe ali m'botolo patebulo. Dengu la masamba ndi sosi wakuda wotsekemera ndi kadyedwe ka kummwera, ku Ho Chi Minh City, ndipo ophika ena a ku Hanoi sakondwa mukawapempha.

Mawu awiri muwadziwe. Tái ndi nyama yaiwisi yodula mopyapyala imene imapsa ndi kutentha kwa msuzi m'mbale momwemo. Chín ndi yophikaphika. Woyamba kumene asankhe chín, kapena phở gà wa nkhuku. Itanitsani quẩy, tonga mandasi ataliatali opanda shuga, muziviika. Pamalo ena otchuka, monga pa 49 Bát Đàn, mumaima pamzere, kulipiriratu, n'kunyamula nokha mbale kukafuna mpando. Ophika ambiri amathira mchere wokometsera wa mì chính. Ngati simuufuna nenani "không mì chính" asanathire msuzi.

Zodutsa mwachangu

Bánh mì ndi buledi wotsalira ku ulamuliro wa Afalansa, wokhala ndi chiwindi chopera, nyama, nkhaka ndi masamba. Amakhutitsa, choncho dulani pakati kapena patatu. Bánh gối ya pa Lý Quốc Sư ili ngati samusa wamkulu. Nộm bò khô, saladi ya papaya wosapsa ndi nyama ya ng'ombe youmitsa, imapezeka pa kamsewu kakafupi kotchedwa Hồ Hoàn Kiếm. Ndi yopepuka ndipo imatsitsa mafuta, koma ili ndi mtedza wambiri. Chả cá, nsomba yokazingira patebulo panu ndi tameriki ndi masamba onunkhira otchedwa thì là, ili ndi msewu wa dzina lake, koma ndi yodula ndipo maulendo ambiri saiphatikiza.

Bún đậu mắm tôm njoyesa mtima. Ndi soya woumba wokazinga woviika mu phala lofiirira la tinkhanu ta m'nyanja (shrimp) tosasitsa, lomwe fungo lake limaposa la matemba onyowa. Finyiranimo ndimu, onjezani shuga pang'ono, takasani mpaka lichite thovu, fungo limatsika. Likakukanikani pemphani nước mắm m'malo mwake, eni ake ambiri amateronso.

Zokana

Tiết canh, magazi aawisi oundana a nkhumba kapena bakha, musalawe ngakhale akukakamizeni. A nkhumba amafalitsa kachilombo ka Streptococcus suis, koyambitsa matenda oumitsa khosi ndi kugontha. Nkhono ndi zina za m'zigoba idyani zokhazo zochoka mumphika wowira. Chikwangwani cholembedwa thịt chó kapena cầy ndi cha nyama ya galu. Sasakaniza mwachinyengo m'zakudya zina, imagulitsidwa pamalo akeake, ndiye mukaona mawuwo ingodutsani.

Madzi a pampopi musamwe. Ayisi wobulungira wa chiboo pakati ndi wa kufakitale ndipo anthu amamudalira. Wophwanya kuchokera ku chimtanda chachikulu mukaneni ponena kuti "không đá".

Mayi wonyamula madengu awiri pamtengo akakusenzetsani paphewa kuti mujambulitse, pambuyo pake afuna ndalama kapena akugulitsani zipatso pamtengo wokwera. Wa timandasi totsekemera ndi wopukuta nsapato amachitanso chimodzimodzi. Mwetulirani, pukusani mutu, pitirirani. Chilichonse chogula panokha funsani kaye "Bao nhiêu tiền?" ndipo akulembereni mtengo pafoni. Pachakudya chophikidwa sanenerera mtengo. Wotsogolera akafuna kukutengerani ku njanji yodutsa pakati pa nyumba, dziwani kuti akuluakulu a mzinda akhala akutseka malowa kwa alendo kuyambira 2019 chifukwa cha ngozi.

Mowa ndi khofi wa dzira

Pamphambano ya Tạ Hiện ndi Lương Ngọc Quyến ndi pomwe maulendo ambiri amaima kumwa bia hơi, mowa wa mumgolo wosakhalitsa, womwe umafika m'mawa n'kumwedwa tsiku lomwelo. Ndi wopepuka, wa maperesenti atatu kapena anayi, ndipo tambula ndi 10,000 mpaka 15,000 dong. Malo ena pamenepo amangogulitsa wa m'mabotolo pamtengo wa alendo, ndiye onani mgolo. Mtedza umene akuikirani patebulo ndi wolipira. Pogundanitsa matambula amafuula "Một, hai, ba, dô!" Wosamwa aitanitse trà đá, tiyi wozizira wopanda shuga, kapena nước mía, madzi a nzimbe ofinya muli pomwepo.

Mapeto ake nthawi zambiri ndi cà phê trứng, khofi wa dzira. Anayamba ndi Nguyễn Văn Giảng mu 1946, yemwe ankagwira ntchito ku hotela ya Metropole, pa nthawi imene mkaka unkasowa. Banja lake likugulitsabe ku Café Giảng, pa 39 Nguyễn Hữu Huân. Khomo lake ndi kanjira kopapatiza komwe mungakadutse osakaona. Amamenya chikasu cha dzira ndi mkaka wa kondensi mpaka chichite thovu lolemera, n'kuthira pamwamba pa khofi wakuda. Kapu imabwera itakhazikidwa m'kambale ka madzi otentha. Musaichotsemo, chifukwa thovulo likazizira limamveka dzira. Tapani thovu ndi supuni kangapo, kenako takasani pang'ono, imwani. Khofi wake ndi wa robusta, wamphamvu kuposa arabica pafupifupi kawiri, ndipo kapu ya 9 koloko usiku ikhoza kukugoneka m'maso muli gwa. Pali wa koko wopangidwa chimodzimodzi. Mayi woyembekezera asiye zonse ziwiri, dziralo silipsa kwenikweni.

Musanasiyane ndi wotsogolera

Pamalo alionse jambulani chikwangwani, chifukwa chimakhala ndi dzina la chakudya, nambala ya nyumba ndi msewu. Malo otchuka amakhala ndi oyandikana nawo otengera dzina, ndipo nambala ndiyo imasiyanitsa. Mufunseni nthawi yomwe aliyense amatsegula ndi kutseka, komanso komwe iye amadya xôi xéo m'mawa, mpunga womata wachikasu wokhala ndi mphodza zopera ndi anyezi wokazinga, womwe maulendo a masana ndi madzulo saupeza. Kangachepe sikokakamiza, koma 100,000 dong munthu mmodzi ndi ulemu wokwanira kwa amene wagwira bwino ntchito. Pamakonde sasiya kangachepe. Mukamadya nokha ingoitanani "Tính tiền", lipirani, nenani "Cảm ơn".

M'mimba mukavuta

Kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachitika ngakhale mwasamala. Nyamulani mapaketi a Thanzi ORS. Akatha, pa sitolo ya mankhwala yolembedwa Nhà thuốc funsani Oresol. Sungunulani m'madzi a m'botolo motsatira muyezo wolembedwa papaketi, chifukwa ena ndi a lita imodzi, ena a mamililita 200, ndipo mukachepetsa madzi mchere umachuluka n'kuwonjezera vuto. Idyani cháo, phala la mpunga lomwe limagulitsidwa m'misewu yomweyo, ndipo siyani mowa, khofi ndi zamafuta. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi likatentha kwambiri, mukamasanza chilichonse, kapena zikapitirira masiku atatu, pitani kuchipatala ndipo musamwe mankhwala oimitsa m'mimba. Nambala ya ambulansi ndi 115. Katemera wa tayifodi ndi wa hepatitis A kabayitseni kwanu, patatsala milungu iwiri kapena kuposerapo kuti munyamuke.